Quantum ya pa Tsoka ndi quantum ya ku Delft

Pepani ndakhala chete masabata angapo, ndinali pansi pa mulu wa mapepala a ana a Fomu 4 omwe ndimachonga. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandikhala pakhosi, ndipo aphunzitsi anzanga a sayansi, nkhaniyi ndi yathu kwambiri.

Mwezi watha azakhali anga anabwera kuno ku Lilongwe kudzationa. Ndi mayi wamkulu, ndipo akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zingapo. Tsiku lina anatsikira ku Old Town kukasankhira adzukulu kaunjika pa msika wa Tsoka. Madzulo anabwera ndi majuzi awiri, timabotolo titatu ndi mapepala asanu osindikizidwa bwino. Akuti apimidwa thupi lonse. Mnyamata wina wovala gawuni loyera, m'kachipinda kena chakufupi ndi msikawo, anawagwiritsa kachitsulo m'dzanja. Kachitsuloko kanali kolumikizidwa ku kabokosi, kabokosiko ku laputopu. Sipanathe mphindi ziwiri zonse zinatuluka: chiwindi chatopa, impso zafooka, mafupa akufumbwa. Kenako anawauza kuti mapiritsi a kuchipatala ndiwo akuwononga chiwindicho, awasiye, ayambe za m'timabotolo. Ndalama imene anasiya kumeneko ikanagula thumba la chimanga. Pamwamba pa pepala loyamba panali dzina la makinawo: Quantum Resonance Magnetic Analyzer.

Anandipatsa mapepalawo monyadira. "Mwananga, iwe ndiwe mphunzitsi wa sayansi, tandiwerengere. Akuti ndi za quantum." Ndinawauza kuti azakhali, akuberani. Iwo osatekeseka anandifunsa kuti chabwino, nanga quantum yeniyeniyo ndi chiyani? Apa ndi pamene ndinachita manyazi. Zaka zoposa 15 ndili ndi choko m'manja, dipuloma ya uphunzitsi ili pakhoma, koma ndinangoti kakasi. Ku koleji tinazikhudza pang'ono, tinaloweza, tinakhoza, tinaiwala. Mnyamata wa gawuni uja anawafotokozera kwa theka la ola, ine ndinalephera ziganizo zitatu. Mukanakhala inu azakhali, mukanakhulupirira ndani?

Loweruka lake ndinapita pa Tsoka. Pali mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, amakonza mafoni pamenepo. Physics pa MSCE sanakhoze, koma mukamuona akuchotsa kanthu kochepa ngati njere ya mpiru pa bolodi ya foni, mungafunse kuti analephera ndi iyeyo kapena ndi ife. Nditamufotokozera anaseka. "Aphunzitsi, timakina timeneto timabwera pano tikafa." Anapisa pansi pa benchi nkutulutsa kamodzi komwe mwini wake sanabwerenso kudzatenga. Tinakatsegula. M'katimo munali kabolodi kamodzi, timagetsi tophethira tingapo ndi malo olowetsa chingwe cha USB, kwina konseko mphepo yokhayokha. Ndinali nditatenga kampasi yolozera kumpoto ya kusukulu. Tinaiyandikiza pa kachitsulo kogwira m'dzanja kaja, muvi osasuntha. Tinaiyandikiza pa sipika ya foni yakufa imene inali pabenchipo, muvi unatembenuka nthawi yomweyo. Ndiye kuti foni yotayidwa ili ndi maginito ambiri kuposa makina odzitcha Magnetic Analyzer.

Chondipweteka n'chakuti mawu atatu aja, quantum, resonance ndi magnetic, si abodza. Ndi mawu a sayansi yeniyeni, ndipo ndi yokoma kumva. Anangobedwa. Ndakhala mausiku angapo ndikuwerenga mpaka bandulo kutha, ndiye ndiloleni ndiyankhe pano funso limene linandikanika pamaso pa azakhali.

Elekitironi timaiphunzitsa ngati kanthu konyamula chaji ya negetivu, basi. Koma ili ndi khalidwe lachiwiri: iyo payokha ndi kamaginito. Mu 1922 ku Frankfurt, Otto Stern ndi Walther Gerlach anadutsitsa maatomu a siliva pakati pa maginito. Malinga ndi sayansi yakale, maatomuwo anayenera kumwazikana ngati mchenga woponyedwa pakhoma. M'malo mwake anagawikana magulu awiri okha, ena m'mwamba, ena m'munsi, pakati popanda kanthu. Mu 1925 anyamata awiri a ku Leiden, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, anabwera ndi ganizo lakuti elekitironi ili ndi chimene anachitcha spin. Mutha kuganiza za nguli imene tinkakwapula tili ana, ngakhale akatswiri amachenjeza kuti elekitironi sizungulira ngati nguli yeniyeni. Chachikulu n'chakuti mukaipima, kamaginito kake mumakapeza kataloza kumwamba kapena pansi, osati chapakati. Zinthu zobwera m'masitepe chonchi, osati mosalala ngati chitunda, ndizo gwero la mawu akuti quantum. Ndipo tikamajambula timivi pabolodi pophunzitsa za maginito, n'kumati m'chitsulo muli timaginito ting'onoting'ono, mwana akafunsa kuti timaginitoto n'chiyani, yankho lake ndi spin imeneyi. Ine ndakhala ndikuyankha kuti zimenezo mukazimva ku yunivesite.

Tsopano quantum dot. Ndi kadontho ka semiconductor, zinthu za mtundu wa silikoni zomwe timaphunzitsa kale pa mutu wa electronics, koma kochepa zedi moti elekitironi imakhalamo mopanikizika. Ikapanikizika chonchi, mphamvu zake zimabwera m'masitepe ngati mu atomu, ndipo kutalika kwa masitepewo kumatengera kukula kwa kadonthoko. Alexei Ekimov anaziona m'galasi ku Leningrad mu 1981, Louis Brus anaziona m'timadontho toyandama m'madzimadzi ku Bell Labs mu 1983, ndipo Moungi Bawendi anapeza njira yotipangira bwino mu 1993. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 2023. Timadontho tawo timakhala ta ma nanomita 2 mpaka 10, pamene tsitsi limodzi ndi lonenepa ma nanomita oposa 50,000. Kadontho kakang'ono kamawala mopita ku buluu, kokulirapo kamawala mofiira, chinthu chimodzimodzi koma mtundu kusiyana chifukwa cha kukula kokha. Mukaona ma TV akuluakulu olembedwa QLED m'mashopu kapena m'nyumba za mipanda za ku Area 10 ndi Area 43, Q ameneyo ndi quantum, ndipo ameneyo ndi weniweni.

Koma timadontho tomwe tanditenga mtima ndi ta mtundu wina. Itoti sapanga m'botolo ayi. Amayala timawaya tachitsulo pamwamba pa semiconductor, n'kutipatsa mphamvu ya magetsi yokankha maelekitironi kumbali zonse, mpaka pakati patatsala kakhola ka elekitironi imodzi yokha. Imodzi ndithu, yowerengeka. Mu 1998 Daniel Loss ndi David DiVincenzo analemba kuti ngati titatsekera elekitironi imodzi m'kakhola kalikonse, spin yake ikhoza kukhala chowerengera cha kompyuta ya mtundu watsopano, pakuti pamene sitinaipime imatha kukhala m'chisakanizo cha kumwamba ndi pansi, zomwe 0 ndi 1 wa kompyuta wamba sangathe. Kulemba kunali kosavuta. Kuchita kunatenga zaka. Gulu la ku Delft University of Technology m'dziko la Netherlands linakwanitsa kuwerenga spin ya elekitironi imodzi mu 2004, ndipo mu 2006 linakwanitsa kuitembenuza pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito yogwedera.

Apa ndi pamene pali resonance ija. Nguli ikamazungulira itapendekeka, mutu wake umayenda mozungulira pang'onopang'ono. Spin nayo ikakhala m'mphamvu ya maginito imachita chimodzimodzi, pa liwiro lake lodziwika. Mukamaikankha pang'onopang'ono mogwirizana ndi liwiro limenelo, imapendekeka mpaka kutembenuka. Zili ngati kukankha mwana pa katungwe: mukakankha pa nthawi yake amapita m'mwamba ngakhale mukukankha ndi chala, mukakankha mwachisawawa mumangotopa. Resonance ndi imeneyo, palibe zamatsenga.

Vuto linali lakuti mphamvu ya maginito simva malire. Mukaiyatsa kuti mutembenuze spin ya m'kakhola aka, imafikanso kwa oyandikana nawo, komanso waya woipanga amatenthetsa malo ofunika kuzizira. Ili ngati mvula, siingagwe pa phando limodzi. Magetsi ndiwo ali ngati keni ya kudimba, mumathirira mbewu imene mwasankha, chifukwa kakhola kalikonse kali kale ndi kawaya kake. Koma spin ndi kamaginito, ndipo kamaginito sikamva mphamvu ya magetsi mwachindunji. Ndiye mungailamule bwanji ndi chinthu chomwe siimva?

Yankho linabwera mu 2007, ku Delft komweko, m'gulu la Lieven Vandersypen, pa ntchito imene dzina loyamba linali la Katja Nowack. Anagwedeza mphamvu ya magetsi pa kawaya kamodzi, elekitironi n'kumakankhidwira uku ndi uku m'kakhola kake. M'kati mwa semiconductor ngati gallium arsenide, elekitironi ikamayenda imamva ngati pali mphamvu ya maginito ngakhale palibe amene waiyatsa, chifukwa kuyenda kwake ndi spin yake n'zolumikizana. Ndiye pogwedeza elekitironiyo pa liwiro loyenera, spin inatembenuka. Chaka chotsatira, gulu la Seigo Tarucha ku Japan linaonetsa njira ina: kuika kamaginito kosaoneka ndi maso ka cobalt pambali pa kakholako, kuti elekitironi ikamagwedezeka izipezeka apa pafupi, apa patali ndi kamaginitoko. Nditawerenga za cobalt ndinaima kaye, pokumbukira kuti wambiri padziko lapansi amakumbidwa ku Congo.

Palinso china chomwe chinandidabwitsa kwambiri. Kamvedwe ka elekitironi ku mphamvu ya maginito amakayeza ndi nambala yotchedwa g. Elekitironi ili payokha, g wake ndi pafupifupi 2. Koma ikakhala mu gallium arsenide, g amakhala -0.44, kutanthauza kuti imamva pang'ono komanso motembenuka. Mu 2001 gulu la David Awschalom ku Santa Barbara linaonetsa kuti mukaikankha elekitironi ndi magetsi kupita pomwe semiconductor yasakanizidwa mosiyana, nambala imeneyi imasintha, mpaka kufika pa ziro. Taganizani: kungosintha mphamvu pa kawaya, maginito omwewo elekitironi iyambe kuwamva kwambiri, pang'ono, kapena kusawamva n'komwe.

Tsopano mvetserani mtengo wake wa zonsezi. Kuti spin imodzi imveke, kachipangizoko amakaika m'firiji yozizira kupitirira -273 digiri, kutsala kachidutswa ka digiri imodzi kuti afike pamapeto a kuzizira konse. Pakatentha pang'ono, kunjenjemera kwa maatomu kumafufuta zonse. Mu 2020 magulu a ku Delft ndi a ku Sydney anasangalala kwambiri chifukwa choyendetsa timadontho ta silikoni pa kutentha kopitirira pang'ono digiri imodzi kuchokera pamapeto paja, ndipo anazitcha zotentha! Mu 2022 a ku Delft anafika pa ma spin 6 oyendera pamodzi, ndipo mu 2023 kampani ya Intel inatulutsa kachipangizo ka 12. Zaka 25 kuchokera pa pepala la Loss ndi DiVincenzo, anthu anzeru zakuya ali ndi ndalama zankhaninkhani anali akadawerenga ndi zala. Ndiye wina andiuze kuti kachitsulo kogwidwa ndi dzanja la thukuta, dzuwa lili pamutu ku Old Town, kamva mafunde a quantum ochokera m'chiwindi cha azakhali anga m'mphindi ziwiri?

Musaganize kuti makina opima thupi ndi spin kulibe. Alipo, ndipo kuno kwathu ali ndi mbiri yonyaditsa. Dzina lake ndi MRI, ndipo M ndi R akuimira magnetic resonance yomwe ija. Amamvera spin ya ma proton a haidrojeni amene ali m'madzi a m'thupi mwathu. Mu 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre anaika makina otere kudzera m'ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene wakhala akufufuza za malungo a mu ubongo mwa ana. Maginito ake anali a 0.35 tesla, kuchulukitsa mphamvu ya maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 10,000. Wodwala amagona m'kati mwake kwa nthawi ndithu, zitsulo zonse zitachotsedwa, ndipo zithunzizo amawerenga ndi dokotala wophunzira zaka zambiri. Ndi makina amenewo, Karl Seydel, Sam Kampondeni, Taylor ndi anzawo anafalitsa mu 2015 zomwe anapeza: ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa mpaka kupanikiza gawo loyendetsa kupuma. Dziko lonse linaphunzira zimenezi kuchokera ku Blantyre. Ndi ana angati a Fomu 4 amene anamvapo nkhaniyi m'kalasi ya Physics? A ine sanamvepo, mpaka sabata yatha.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikunena kuti tisinthe silabasi yonse, kapena tiyambe masamu a ku yunivesite. Ndikunena mapiriyodi awiri kapena atatu pachaka. Tikafika pa maginito, titchule spin. Tikafika pa semiconductor, tiuze ana kuti memori khadi imene amalowetsamo nyimbo pa Tsoka imasunga nyimbozo potsekera maelekitironi m'timakola, ndipo maelekitironiwo amalowamo podutsa khoma lomwe sayansi yakale imati sangadutse. Titenge hard disk yakufa, tiitsegule, tiwauze kuti kamutu kowerenga kaja kanachokera pa zomwe Albert Fert ndi Peter Grünberg anatulukira mu 1988 zokhudza spin, zomwe zinawapatsa Nobel mu 2007. Kenako tiwaphunzitse kufunsa mafunso atatu akakumana ndi makina alionse: akuyeza chiyani, akuyeza ndi chiyani, ndipo ndikabweranso mawa ndi dzina lina adzanena zomwezo?

Ndikudziwa zomwe muyankhe, chifukwa mu staff room ndazimva kale. Wina anati silabasi sitimaimaliza n'komwe, ndiye tiwonjezerenso zosabwera pa mayeso? N'zoona, nthawi ndi yochepa. Koma tonse tikudziwa mapiriyodi angati amene amathera kulembetsa manotsi omwe ali kale m'buku. Wina anati m'ma CDSS ambiri mulibe labu, ena alibe ngakhale mphunzitsi wa Physics. Zoonanso. Koma zomwe ndikunenazi sizifuna labu. Zikufuna kampasi, sipika yakufa, nguli ndi mphunzitsi amene wawerenga. Chachitatucho ndiye chinandilasa: "Achimwene, kodi quantum tidya?" Ayi, sitidya. Kompyuta ya timadontho ija mwina sindidzaiona ndi maso anga, ndipo sindinganamize ana kuti ntchito zake zikuwadikira ku Kanengo. Koma thumba la chimanga la azakhali linapita chifukwa cha mawu amenewa. Ndipo musati ndi za anthu akumudzi okha. Mnzanga wina wogwira ntchito ku City Centre anandiuza kuti makina omwewa amazungulira m'maofesi nthawi ya nkhomaliro, ndipo anthu a mataye, a madigiri awo, amaima pamzere kudikira kugwira kachitsulo. Amenewo anadutsa m'manja mwathu. Ena anapeza distinction.

Chinanso chimene chikundiwawa n'chakuti bungwe la United Nations linasankha 2025 kukhala chaka cha sayansi ya quantum padziko lonse, ndipo dziko la Ghana linali patsogolo pokankha ganizoli. Chaka chimenecho chinadutsa ine osanenapo kanthu m'kalasi. Pamene tikukamba za miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe, yomwe ili ndi neodymium wopangira maginito amphamvu ngati a m'sipika ija, ana athu azingodziwa kuti ndi miyala yodula, osadziwa kuti kudula kwake kukuchokera pa makhalidwe a maelekitironi a m'katimo.

Ndisamalize ngati wolakwa ndi wogulitsa yekha. Azakhali anandiuza chinthu chimene sindinathe kuchitsutsa. Anati kuchipatala amadzuka m'mamawa, kukhala pabenchi mpaka masana, ndipo akalowa, asanamalize kufotokoza, pepala lalembedwa kale. Mnyamata wa gawuni anawapatsa mpando, anawatchula kuti amayi, anawaonetsa chithunzi cha chiwindi pa sikirini. Zimenezo phunziro la Physics silingachize.

Lachiwiri lapitali ndinawaperekeza ku chipatala. BP inali itakwera, pakuti anali atatha masiku 9 osamwa mapiritsi. Ayambiranso kumwa, ngakhale mapepala asanu aja sanataye, awapinda bwino n'kuwaika m'chikwama. Mnyamata wanga wa pa Tsoka wavomera kubwera kusukulu Lachisanu ndi kabokosi kaja, hard disk ziwiri ndi mita yake yoyezera magetsi. Wangopempha kuti ndisauze ana zomwe anapeza pa MSCE. Ndipo pondiperekeza ku timilatho ta matabwa towolokera ku Lizulu anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati elekitironi sizungulira zenizeni, maginito akewo akuchokera kuti?" Ndinamuuza kuti andipatse mpaka Lachisanu.